Ma 35 pa Land Rover ya madala? Dikirani kaye achimwene

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chibavi, sindiwatchula dzina. Akuti bambo awo adawasiira Land Rover Series III, 109 yaitali ija, ya dizilo, ndipo ayidzutsa itakhala pamiyala zaka zingapo. Pano ili pa matayala a 7.50R16 omwe atheratu, ndiye poti akufunikabe kugula atsopano akufuna aikiretu ma 33x12.50 kapena ma 35 (33 ndi 35 ndi kutalika kwa tayala m'mainchesi, 12.50 ndi kunenepa kwake) ngati omwe amawaona pa Facebook, kuti nthawi yamvula azifika bwino kumudzi cha ku Usisya komanso galimoto izioneka yaukali. Funso lawo: alowa kodi, ndipo pakufunika chani?

Achimwene, choyamba zikomo posaigulitsa kwa a zitsulo. Kulowa alowa, tayala lililonse limalowa bola muli ndi chopukusira komanso mtima wodula madigadi. Koma ine ndikanakhala inu sindikanaika, ndipo ndifotokoza.

Tiyambe ndi masamu pang'ono, musathawe. Tayala la 7.50R16 kutalika kwake ndi pafupifupi 800 mm. La 33 ndi cha m'ma 838 mm, la 35 ndi 889 mm. Ndiye anthu amaona kusiyana kumeneko nkumati eee galimoto ikwera kwambiri, kuiwala kuti difu, chimphika cha magiya chija cha pa ekiselo kunsi kwa galimoto, imakhala molingana ndi pakati pa tayala, imakwera theka chabe. Ma 33 akukwezerani difu ndi 19 mm basi, chala chimodzi, ma 35 mwina 45 mm. Ndipo chomwe chimakukhazikani pamimba m'mikwasa ya matope ija ndi difu, osati bodi. Ena amati ndikweza masipuling'i, chabwino, bodi ikwera koma difu ikhala pomwe inali.

Tsono taonani zomwe mukulipira pogula chala chimodzicho. Injini yanuyo ndi ya malita 2.25, mphamvu zake ndi mahatchi 62 okha, ndipo amenewo ndi a tsiku lomwe inkatuluka ku fakitale ku Solihull. Ma Series III adasiya kupangidwa mu 1985, ndiye ena mwa mahatchiwo adafa kalekale. Tayala lalitali limakhala ngati mwasintha magiya onse kuwapanga aatali, ma 35 amaonjezera pafupifupi 11 peresenti. Ku Lilongwe kwa flati mwina mukanapirira, koma kuno kwathu mtunda uli paliponse. Chokani ku Nkhata Bay pa M5 kukwera kubwera mtauni muno mu Mzuzu muli ndi matumba a chinangwa kumbuyo, pomwe mumakwera ndi giya 3 mudzapezeka muli pa 2, utsi wakuda kumbuyo, minibasi zikukuimbirani hutala. Kilatchi nayo imapsa msanga chifukwa ponyamuka pachitunda mumayamba mwaiponda theka kaye. Mafuta musanene. Njira yokonzera zimenezi ndi kusintha magiya a mu difu, koma yanuyo ili kale pa 4.7, ndipo ndalama zosakira otsika kuposa apo bola mugulire malata.

Koma chomwe chimandiopsa ine si kukwera ayi, ndi kutsika. Galimoto imeneyi mabuleki ake ndi a dramu miyendo yonse inayi. Tayala likatalika komanso likalemera, buleki yomweyo imafunika kugwira ntchito yoposa kale kuti iliimitse, ndipo dramu ikatentha imayamba kungotsetsereka, mwendo uli pansi koma galimoto ikupita. Amene adatsikapo Chiweta atanyamula katundu akudziwa fungo lija. Nawo mtsetse wotsikira ku Usisya si wamasewera, ndipo giya yotsika yomwe mumadalira kuti injini ikugwirireni nayonso yafooka ndi tayala lomwelo.

Nkhani ina ndi kukhota. Series ilibe power steering, ndi mikono yanu basi, ndipo ngakhale ili pa matayala ake imakhota ngati sitima ya Ilala. Kutsogolo kuli masipuling'i a malifu, ndiye tayala lonenepa mainchesi 12.5 lija mukakhotetsa mpaka kumapeto limakhula pa sipuling'i. Makaniko amathetsa vutoli m'njira ziwiri, kuchepetsa pomwe chiongolero chimathera, kapena kuika masipesa kuti tayala lituluke panja. Yoyambayo ikutanthauza kuti tsiku lomwe mudzafune kukwera msewu wa Golodi kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia, ndi makona ake 20 aja, mudzakhala mukubwerera m'mbuyo pakona iliyonse phompho lili apo. Yachiwiriyo imadya mabering'i ndi zolumikizira chiongolero. Ine zinandionekera pa Hilux yanga yakale, makaniko wina cha ku Luwinga adandinyengerera masipesa otchipa, miyezi ingapo bering'i idalira tili pakati pa Chikangawa kukuzizira koopsa, foni yopanda netiweki. Sindimuimba mlandu kwambiri, ndinavomera ndekha poti zinkaoneka bwino.

Kumbuyo kwa 109 yanuyo kuyenera kuti kuli ekiselo ya Salisbury, imeneyo ndi yolimba, siyidandaula. Yakutsogolo ndi ya Rover wamba, mashafuti ake ndi a mano 10, ndipo amathyoka pomwe tayala lalikulu likuzungulira m'matope kenako mwadzidzidzi lagwira mwala. Phokoso lake ndi kamodzi kokha, thwa, basi mwatsala ndi miyendo iwiri.

Komanso ndani adati tayala lonenepa ndiye labwino m'matope? Lonenepa limathandiza pamchenga, ngati mumakonda kukasewera ku Chintheche kapena Kande. Dothi lathu lofiira loterera ngati sopoli limafuna tayala lopyapyala loti lidule matope apamwamba likagwire pouma pansi. Lonenepa limangoyandama nkumavina, kenako muli mungalande. Mukuganiza kuti ma Land Cruiser a ambulansi ndi a mabungwe omwe amafika ku Nthalire ndi ku Misuku mwezi wa February amayendera matayala opyapyala chifukwa alibe ndalama?

Ndiye chochita nchiyani. Ine ndinganene kuti khalani pa 7.50R16 yomweyo koma mugule yamano a matope, kapena 235/85R16 yomwe ndi 806 mm, kutalika pafupifupi chimodzimodzi koma yotambalala pang'ono, ndipo siyivuta kupeza. Onani kaye malimu anu, a Series ambiri ndi mainchesi 5.5 m'lifupi pomwe 235 imafuna kuyambira 6, ndiye mwina mufunika malimu a 6.5, komanso ngati malimuwo ndi a chubu muziikamo chubu basi, osakakamiza tubeless. Ngati mtima ukukanabe ndipo mukufunadi kukwera, pomwe ndingakulolezeni ndi 255/85R16, yaitali ngati 33 koma yosanenepa, kungoti kuno ndi yosowa, mungachite kuitanitsa, ndipo likaphulika muli ku Chelinda simukalipeza pa Rumphi boma. Zimenezi muziganizire, tayala labwino ndi lomwe mnyamata wa pa compressor akhoza kulimata komanso lomwe mnzanu wodutsa angakubwerekeni.

Gulani asanu ofanana, sipeya yomwe. Series yanuyo ilibe difu yapakati, mukaika 4x4 matayala akutsogolo ndi akumbuyo akasiyana kutalika giyabokosi imakokana yokha. Ndipo ngati sipeya yanu imakhala pa boneti, yesani kuganiza kutukula boneti ili ndi 35 pamwamba, msewu womwe simuuona bwino.

Za matayala a kaunjika, ndikudziwa thumba ndi lomwe limalamula. Koma yang'anani m'mbali mwake pomwe palembedwa DOT, manambala anayi omalizira ndi sabata ndi chaka chomwe lidapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 chaka cha 2019. Mano akhoza kukhala bwinobwino koma labala itauma, yodzaza ming'alu. Likakhala la zaka zopitirira 6 muyambe kukayika.

Chomaliza, speedometer. Tayala lalitali limaipangitsa kunama, ikamati 80 pa ma 35 mukhala muli cha m'ma 89, ngakhale kunena zoona Series ya dizilo ikafika 89 ndiye kuti mukutsika phiri, ndipo apolisi a kamera akakugwirani mukasunge risiti ngati chikumbutso.

Ndalama zomwe zitsale mukasiya ma 35 zija gulirani mashuzi a mabuleki, masilinda ake, mapaipi a labala, ndi kapampu ka mpweya ka pa batire, kuti pakaterera muzichepetsako mpweya nkupopanso mukafika paphula. Mundiuze kuti malimu anu alembedwa chani mkati, kapena mubwere nayo Loweruka cha ku Katoto tidzaiyeze ndi tepi, ine ndidzakhala ndilipo m'mawa.