Dzina la Mavuto: kodi limaitana tsoka?

Mayi wina watilembera pa imelo kuti apongozi ake akufuna mwana wake wamwamuna atchedwe Mavuto, dzina la malemu bambo awo, agogo a amuna ake. Iye akuopa kuti dzinalo limutsata mwanayo moyo wonse.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma dzinali silinena za mawa. Limasunga mbiri ya masiku amene mwana anabadwa. Makolo ankadikira kuti mchombo ugwe, patatha sabata kapena kuposerapo, mwana atuluke m'chikuta, ndiye wamkulu wa pabanja n'kutchula dzina poona zomwe zagwa pakhomo. Mayi akavutika pochira, maliro akachitika pakati pali pakulu, banja likagwedezeka, kapena nkhokwe zikauma ngati pa njala ya 1949 ndi ya 2002, mwana ankatchedwa Mavuto kapena Masautso. Nthawi zina linali dandaulo lopita kwa wachibale amene sakanamudzudzula pamaso.

Kwa inu nkhani ndi ina: apongozi akufuna kuti dzina la bambo awo lisafe. Afunseni mwaulemu chimene chinachitika agogowo akubadwa. Mukachimva, dzinalo mudzalimva mosiyana. Mtima ukakanabe, musakane poyera. Pemphani kudzera mwa amuna anu kuti pakhale dzina lachiwiri loyankha loyambalo, monga Limbani, Pilirani kapena Chimwemwe, ndipo pakhomo muziitana limenelo.

Chenjerani ndi kalembedwe. Ku Malawi timalemba Mavuto, koma achikulire ndi anzathu a ku Chipata amalembabe Mabvuto. Sankhani kamodzi, ndipo zilembo zomwezo zikhale pa buku la kusikelo, chikalata chakubadwa cha NRB (bungwe la boma lolembera nzika), kaundula wa sukulu ndi mayeso a MANEB. Chilembo b chikapezeka pa satifiketi koma n'kusowa pa chiphaso cha unzika, mwana adzayenda maulendo ambirimbiri kukalumbira kuti ndi munthu mmodzi, makamaka pofuna pasipoti kapena ntchito. Musalolenso ana anzake kulidula kuti Mavu, paja mavu ndi tizilombo toluma tija, ndipo dzina lotere likamatira kusukulu silichoka msanga.

Dzina laubwana silikhalitsanso pakamwa pa anthu. Akakula aziti a Mavuto, kuntchito azimuitana ndi mfunda, a Phiri kapena a Banda, ndipo akadzabereka, mkazi wake ndi inu nomwe muzidzati bambo a uje, potchula mwana wake woyamba.