Mafunso ndi Mayankho: Kingfisher wa m'nkhalango

Funso: Ndinaona chithunzi cha mbalame yotchedwa blue-breasted kingfisher, pansi pake atalemba kuti imakhala mkati mwa nkhalango. Kodi mbalame zamtunduwu si za kumtsinje? Nanga m'nkhalangomo imadya chiyani?

Yankho: Analemba zoona. Mitundu ya kingfisher padziko lonse ndi yoposa 100, ndipo yambiri sidalira nsomba. Imene mukufunsayi, imene dzina lake la sayansi ndi Halcyon malimbica, kwawo ndi nkhalango zowirira za mvula yambiri, kuyambira ku Senegal ndi Gambia, kudzera ku Ghana, Nigeria, Cameroon ndi chigwa cha mtsinje wa Congo, mpaka ku Uganda, Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Imapezekanso m'mitengo ya mangrove yomera m'matope a m'mbali mwa nyanja yamchere.

Kasakidwe kake ndi kodikira. Imatera panthambi ya mumthunzi n'kungokhala duu, maso ali pansi. Chinthu chikangogwedezeka m'masamba ofota, imatsika mwaliwiro, n'kuchitola, n'kubwerera panthambi pomwepo. Imadya ziwala, mphemvu, ziswamphika, akangaude, mabongololo, achule ndi abuluzi, ndipo kumene kuli madzi imagwirako nkhanu ndi tinsomba. Chogwidwacho chikakhala chachikulu, imachimenyetsa panthambi kangapo kuti chife ndi kufewa, kenako imachimeza chathunthu. Zosagayika, monga zikamba za tizilombo ndi timafupa, imadzazilavula zitaumbika kampira. Chodabwitsa n'chakuti imadyanso zipatso za migwalangwa ya mafuta, zomwe achibale ake ambiri sachita.

Funso: Ndingaisiyanitse bwanji ndi kingfisher ina yotchedwa woodland kingfisher? Pazithunzi zikufanana kwambiri.

Yankho: Ambiri amasokonezeka chifukwa amayamba kuyang'ana mlomo, chonsecho mbalame zonse ziwiri zili ndi mlomo wofiira kumwamba, wakuda kumunsi. Pamenepo simupindula kanthu. Yambani ndi chifuwa: cha m'nkhalangoyi ndi chabuluu, pamene cha woodland ndi chotuwa moyererako. Kenako onani mzere wakuda wa padiso. Wa m'nkhalangoyi umapitirira kuseri kwa diso n'kusongoka, wa inayo ndi waufupi. Chachitatu ndi miyendo, yofiira kwa iyi, yoderako kwa inayo. Ya m'nkhalango ndi yokulirapo, pafupifupi masentimita 25 kuchokera kumlomo mpaka kumchira, ndipo chigamba chakuda cha paphiko n'chachikulu.

Samalani ndi kuwala. Buluu wa nthengazi sachokera ku utoto uliwonse, koma ku kapangidwe ka nthenga kamene kamabweza kuwala, n'chifukwa chake mumdima wa m'nkhalango chifuwa chija chimatha kuoneka chotuwa. Zikatero dalirani malo ndi kulira. Woodland imakonda mitengo yapatalipatali ndipo imalira mokweza, monjenjemera. Iyi imaimba malikhweru otsatizana, oyamba mofulumira n'kumatsika pang'onopang'ono. Yaimuna ndi yaikazi zimafanana, koma zazing'ono mitundu yake imakhala yozimirira.

Funso: Ndamva kuti imaikira mazira m'nyumba ya chiswe. Chiswecho sichiwononga mazira ndi ana?

Yankho: Ayi, ndipo apa ndiye pamene mbalameyi imatikondweretsa kwambiri. M'nkhalango zimenezi muli chiswe chomanga m'mwamba, chibulumwa chakuda chomatirira kuthunthu kapena pamphanda ya mtengo, mamita angapo kuchokera pansi. Mbalame yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kugogoda khomalo ndi milomo mpaka kuboola kanjira, ndipo kumapeto kwake zimakumba kachipinda. Chiswe sichikonda mphepo ndi kuwala, choncho chimafulumira kumata njira zake zonse zotulukira m'kachipindako. Mapeto ake mbalame imakhala ndi chipinda chomatidwa bwino, chiswe chili kuseri kwa khoma.

Mkatimo simuyalidwa udzu kapena nthenga. Mazira amakhala oyera, obulungira, kawirikawiri awiri kapena kupitirira pang'ono. Ana amaswedwa opanda nthenga, maso ali otseka, ndipo nthenga zikamamera zimakhala kaye m'timakoko tosongoka, mwana n'kumaoneka ngati kanungu. Wina akamuona chonchi asaganize kuti akudwala.

Vuto lenileni ndi anthu. Kukwera mtengo kukasuzumira kumagumula khomalo, ndipo likaphwanyika mvula, nyerere ndi njoka zimalowa mosavuta. Kudula mitengo ikuluikulu kumachotsa nyumba za chiswe zambiri nthawi imodzi, ndiye ngakhale chakudya chitakhalapo, poswera pamasowa. Pakadali pano bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, silinaiike m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yakutha, popeza dera lake n'lalikulu, koma pamalo pamene nkhalango yagwetsedwa imachoka ndithu.

Funso: Wofuna kuiona achite chiyani?

Yankho: Lawirirani m'mamawa, nthawi imene imalira kwambiri, ndipo tsatirani mawuwo pang'onopang'ono. Musayang'ane pamwamba penipeni pa mitengo kapena pamadzi, koma nthambi zapakati, za mumthunzi. Magalasi oonera patali okuza ka 8 ndi okwanira, chifukwa okuza kwambiri amadetsa chithunzi ndipo amagwedera m'manja. Mukapeza chisa, imani patali, ndipo mukaona kholo lanyamula chakudya koma likuzengereza kulowa, dziwani kuti mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo. Musaiitane ndi mawu ojambulidwa pafoni nthawi yoswa, chifukwa imasiya mazira n'kumakafunafuna mdani amene kulibe.