Za mafilimu akale amene amalume anu sasiya kuwatama

Achemwali, mwalemba m'gulu lathu lino la pa intaneti kuti amalume anu sasiya kutama mafilimu akale, inu mwayesa kuonera angapo pa foni koma tulo tinakupezani musanafike ndi pakati pomwe, ndiye mukufunsa ngati mafilimuwo alidi abwino kapena akuluakulufe timangokokomeza. Ndaona ambiri m'makomentimu angokulalatirani kuti ana a masiku ano simudziwa kanthu, osayankha funso. Ine ndinena mosapsatira: timakokomezadi, kwambiri ndithu. Koma mwa mafilimu amene timatamawo mulinso ena ochepa oti ngakhale mutawachotsera chikondi chathu cha paubwana, amaimabe paokha. Ntchito ndi kuwasiyanitsa, ndipo amalume anu sangakuthandizeni kwambiri pa ntchito imeneyi chifukwa kwa iwo onse ndi amodzimodzi.

Muyambe mwamvetsa njala imene tinali nayo. Dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999 pamene Television Malawi inayamba kuulutsa. Nthawi ya Kamuzu kunalibiretu, ndipo filimu yoonetsedwa pagulu inkayenera kudutsa kaye ku bungwe lounika mafilimu, malinga ndi lamulo la 1968. Ndiye mwana wa ku Kawale, ku Mchesi kapena ku Biwi m'zaka za m'ma 1990 akanachiona kuti chithunzi choyenda? Ku vidiyo sho basi. Kachipinda kamdima, mazenera otseka ndi makatoni, mabenchi a matabwa ogwedera, kasikirini kamodzi kokhomeredwa m'chitsulo pamwamba, deki, ndi tepi yotopa yoti mizere ikungoyenderera pankhope ya munthu. Panja bolodi lolembedwa ndi choko, dzina la ekita lalikulu kuposa dzina la filimu. Amene alibe makobidi ankasuzumira pa mng'alu wa chitseko mpaka mwini wake atawathamangitsa. Munthu amene anaonera Commando m'malo otere ali mwana sangakuuzeni zoona zake za filimuyo. Akamati inali yabwino akunena za tsiku lija, za anzake aja, za mfuwu umene unabuka m'chipindamo Schwarzenegger atatulukira atasenza chipika paphewa. Filimu yeniyeniyo, ya 1985, ndi ya munthu mmodzi amene akusesa gulu lonse la asilikali zipolopolo zawo zikungomuphonya ngati anatemera. Pagulu mukuseka imakoma, koma yoti inu muigwadire ayi, ndipo mafilimu ambiri ankhondo a nthawi imeneyo ali m'gulu lomwelo.

Chinanso, ambirife Chingerezi cha m'mafilimumo sitinkachimva. Tinkatsatira zibakera ndi mateche, nkhani yonse tinkaidziwira kwa mnyamata wina amene anaioneratu dzulo lake, wokhala kumbuyo akulengeza kuti uyu afa pompano. Kenako kunabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, amene amathira nthabwala zawozawo, msilikali wa ku America n'kumadandaula za ngongole ya kugolosale. Ndiye nthawi zina filimu imene munthu akuikumbukira ndi misozi ya chiseko inapangidwa ndi womasulirayo, osati eni ake ku Hollywood kapena ku Hong Kong. Inu mukaipeza pa intaneti ili momwe inalili, mukuonera chinthu china.

Palinso mafilimu amene inu achinyamata mumaona chilema chimene ife sitinkachiona, ndipo mumakhoza. The Gods Must Be Crazy, ya 1980, tinkaseka nayo mpaka kugwa pa benchi: botolo la Coca-Cola lagwa kuchokera m'ndege, labweretsa mikangano m'mudzi wa ku chipululu cha Kalahari, bambo wina n'kunyamuka kukalitaya kumapeto kwa dziko. Nthabwala za galimoto yopanda mabuleki ija zimasekesabe. Koma filimuyo anaipanga mzungu wa ku South Africa, Jamie Uys, tsankho lili pachimake, ndipo tamverani mmene mawu ofotokoza aja amakambira za anthu a mtundu wa San, kuwasandutsa tiana tosadziwa kanthu za dziko, pomwe anthu enieniwo anali akulandidwa malo. Mukaionera n'kumva kuti china chake sichili bwino, musalole kuti wina akuuzeni kuti mulibe nthabwala.

Tsopano amene ayenera ulemu wawo. Mukafuna kudziwa chifukwa chake dzina la Jackie Chan silizilala, pezani Police Story ya 1985 muone mapeto ake. Ndewu ili m'nyumba yaikulu ya masitolo, magalasi akusweka uku ndi uku, kenako iye ali pamwamba penipeni, adani ali pansi, njira yachidule palibe. Akulumpha n'kugwira mzati wachitsulo wokulungidwa ndi timababu ta magetsi, n'kutsetsereka nawo timababuto tikuphulika m'manja mwake, mpaka kukagwera pa denga la magalasi pansi. Anapsa manja zenizeni. Chithunzicho anachibwereza katatu kuchokera mbali zosiyana kuti muone kuti ndi iyeyo, si kompyuta, si chidole. Ndipo muyang'anitsitse kamera pa ndewu zake: imaima patali, thupi lonse likuoneka, nkhonya mukuiona kuchokera pamene yanyamukira mpaka pamene yafikira. Mafilimu ambiri andewu a masiku ano amadula chithunzi pafupipafupi n'kumagwedeza kamera, ndipo kawirikawiri amatero pobisa kuti ekita sadziwa kumenya. Mukangozindikira zimenezi simuoneranso ndewu ya m'filimu monga kale. Bruce Lee ndi chimodzimodzi: anamwalira mu 1973 ali ndi zaka 32, nkhani za m'mafilimu ake n'zopepuka, ena mwa anzake ochita nawo sewero ndi ouma, koma iye akangoyamba kusuntha maso ako sachoka pa iye.

Wakale kuposa onsewa ndi Charlie Chaplin, ndipo ndi amene ndingamubetchere kuti sakugonetsani. Mu The Gold Rush, ya 1925, anthu awiri atsekeredwa ndi chisanu m'kanyumba, chakudya chatha. Chaplin akuphika nsapato yake mumphika, akuilawa ndi foloko ngati yapsa, akuipakula mwaulemu n'kuithira msuzi. Mnzake wamkulu thupi akulanda chikopa cha pamwamba, iye n'kutsala ndi chapansi chodzaza misomali. Akudya mwaubwana, zingwe za nsapato akuzikulunga pa foloko, msomali uliwonse akuuyamwa bwinobwino asanauike pambali. Patapita nthawi mnzake uja njala yamusokoneza mutu, akumuona Chaplin ngati nkhuku yaikulu. Mulibe mawu oti wina amasulire. Ndinaionetsapo ana kunyumba pa laputopu magetsi atathima, ndipo anaseka onse, koma amene anaseka mwamtundu wina anali agogo awo, amene amadziwa mmene mwezi wa February umakhalira nkhokwe ikapanda kanthu. Filimu yapitirira zaka 100 koma njala imene ikuisekayo ndi yomwe ija.

Komabe mukandifunsa filimu imodzi yokha yoti muyese nayo ngati zakale zili ndi mphamvu, sinditchula ya ku America. Nditchula Neria, ya ku Zimbabwe, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nkhani yake analemba ndi Tsitsi Dangarembga, anaitsogolera ndi Godwin Mawuru, mayi wamasiyeyo ndi Jesesi Mungoshi, ndipo Oliver Mtukudzi alimo ngati mlongo wake komanso ndiye mwini nyimbo ija imene mwina mumaidziwa musanaone n'komwe filimuyo. Banja lagwira ntchito limodzi mumzinda, lapeza katundu, mwamuna wamwalira pangozi. Misozi isanaume mlamu wayamba kale kufunsa za buku la kubanki. Akutenga ndalama, akutenga katundu wa m'nyumba, akutenga ndi ana omwe, zonsezi akuti ndi mwambo. Mayiyo akulimba mtima mpaka kukafika kukhoti. Chithunzi chake n'chozilala, nkhani imayenda pang'onopang'ono, pena imachita kukuphunzitsani malamulo poyera ngati muli m'kalasi, chifukwa inapangidwadi ndi cholinga chophunzitsa. Zonsezo ndi zoona. Koma ndiuzeni ngati mu Lilongwe muno muli dera limene simunaimepo lole pakhomo la namfedwa, achibale a mwamuna akukweza mipando, firiji ndi matiresi, mayi atakhala pakhonde ndi ana akungoyang'ana. Kwathu kuno lamulo latsopano loteteza chuma cha masiye, limene limalanga kulanda katundu kotere ngati mlandu, linabwera mu 2011, patatha pafupifupi zaka 20 filimuyo itatuluka, ndipo khalidwelo silinatheretu. Mukaionera ndi amayi anu, muone nthawi imene asiye kuyankhula. Filimu yotere siifunika amalume oti aziitetezera.

Mwina amene munayesa kuonera ndi aja amatchulidwa pa intaneti kuti ndi opambana m'mbiri yonse ya dziko. Apa mudziwe kuti ngakhale akatswiri enieniwo sakhazikika. Magazini ya ku Britain yotchedwa Sight and Sound imafunsa akatswiri a mafilimu zaka 10 zilizonse. Citizen Kane, ya 1941, inakhala pamwamba kuyambira 1962 mpaka 2002. Mu 2012 inatsitsidwa ndi Vertigo ya Alfred Hitchcock, ndipo mu 2022 pamwamba panakhala filimu ya 1975 ya mayi wa ku Belgium, Chantal Akerman, yopitirira maola atatu, imene mbali yaikulu mumangoona mayi akusenda mbatata, kuphika ndi kutsuka mbale. Mafilimuwo sanasinthe, anasintha ndi anthu ofunsidwawo. Ndipo Citizen Kane ikakutopetsani pali chifukwa chomveka. Orson Welles anaipanga ali ndi zaka 25, n'kufotokoza moyo wa munthu mmodzi kudzera m'kamwa mwa anthu osiyanasiyana, nkhani ikudumpha kupita m'mbuyo ndi kutsogolo, kamera ikuonetsa bwinobwino za pafupi ndi za patali nthawi imodzi. Anthu a nthawiyo sanazolowere zimenezi. Inu mwakula mukuziona paliponse, mpaka m'mavidiyo a nyimbo, chifukwa aliyense anakopera. Ndiye ulemu wake ndi wa woyambitsa, wofunika kwa amene akufuna kuphunzira kupanga mafilimu. Kwa munthu amene akungofuna kusangalala Loweruka madzulo, palibe mlandu kuisiya.

Chimene chimandinyansa ndi mindandanda imeneyi n'chakuti achinyamata athu amathera bandulo pa mafilimu a azungu okhaokha osadziwa kuti Africa ilinso ndi akale ake. Ousmane Sembène wa ku Senegal anapanga Mandabi mu 1968, m'chilankhulo cha Wolof. Bambo wosagwira ntchito ku Dakar walandira chikalata cha ndalama kuchokera kwa mphwake amene ali ku Paris. Kuti akatape ndalamazo akufunika chiphaso. Kuti apeze chiphaso akufunika kalata ya kubadwa ndi zithunzi. Ofesi iliyonse ikumutumiza ku inzake, aliyense womuthandiza akufuna yake ya m'thumba, kwinaku mbiri yamveka kale m'dera lonse kuti walemera, oyandikana nawo ayamba kubwera kudzabwereka, akazi ake ayamba kutenga zinthu pangongole kusitolo. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Johannesburg, kapena anaimapo pamzere tsiku lonse n'kuuzidwa kuti abwere mawa, aziona yekha m'filimu imeneyi.

Za tulo tija, mbali ina ndi kaonedwe. Mafilimu amenewa anapangidwira holo yamdima, anthu atalipira, atakhala pansi, alibe kwina kopita. Wopangayo ankadziwa kuti simuthawa, ndiye sankathamanga: ankayamba wakudziwitsani anthu, malo, mavuto awo, kuti chikadzachitika chinthu chikukhudzeni. Za masiku ano zimapangidwa podziwa kuti chala chanu chili pafupi kudumphira kwina, n'chifukwa chake zimayamba ndi phokoso. Kuonera filimu ya 1960 pa foni muli chigonere, mauthenga a pa WhatsApp akulowa pamwamba, mukudera nkhawa bandulo, palibe imene ingapirire zimenezo. Iikeni pa fulashi, muonere pa sikirini yaikulu usiku, ndi anthu awiri atatu, foni ili kuchipinda. Ipatseni theka la ola. Ikapanda kukugwirani izimitseni, mwachita mbali yanu. Ndipo ngati amalume alipo, agwirizane nanu kaye kuti sakuuzani zimene zichitike kutsogolo, chifukwa matenda amenewa tonse a ku vidiyo sho tili nawo.

Musaiwalenso kuti inu nomwe mumasankha akale anu osapempha chilolezo kwa ife. Anyamata awiri a ku Nigeria aja, Osita Iheme ndi Chinedu Ikedieze, mafilimu awo a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anali ndi mawu osamveka bwino, nkhani yokokedwa dala kuti pakhale gawo lachiwiri, ndipo simungawapeze pamwamba pa mindandanda ya akatswiri ija. Lero nkhope zawo ndi zimene mukutumizirana tsiku lililonse m'gulu lino lomwe.

Anzanga amene mwadzaza makomenti ndi zoti kale kunali mafilimu, tchulani dzina la filimu ndi chimene chili chabwino m'menemo, mwana wa eni ake akaone yekha. Ndipo popeza nkhani yafika apa, athu a kuno nawonso ayamba kukalamba: The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah ndi ya 2012, ndipo Seasons of a Life inatuluka iyo isanabwere. Ndikukayika ngati theka la gulu lino linaonerapo imodzi. Amene akudziwa kumene munthu angazigule mu Lilongwe muno, zoti ndalama ikafike kwa eni ake, alembe pansipa.