Madamu, nyemba ndi chimanga zokhazo musawapatse

Madamu, mwafunsa mmene mungaphunzitsire ana 130 a Sitandade 1 pa sukulu yanu ya mishoni ya Katolika, ndipo ndaona ena akukuuzani kuti anawo muwaike m'magulu, muwagawire nyemba kapena chimanga aziwerengera, ati ndiye TALULAR imeneyo, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'dera momwemo. Chonde, nyemba ayi. Chimanga ayi, mtedza ayi, nandolo ayi. Kanthu kalikonse kochepa kuposa chitsekerero cha botolo kasalowe mu Sitandade 1. Amene akulangiza zimenezo sanaimepo pamaso pa mwana amene nyemba yamulowa m'mphuno.

Zimayenda chonchi. Phunziro ndi la mphindi 30. Pemphero ndi kukhazika ana pansi zadya kale zisanu. Mwayamba kugawa nyemba ku gulu loyamba, pofika gulu la 13 mphindi zina khumi zapita, ndipo gulu loyamba lija latopa kudikira. Mwana wa zaka 6 akatopa ali ndi kanthu m'manja, kanthuko kamapita m'kamwa, m'khutu kapena m'mphuno. Sanena msanga, akuopa kukalipiridwa. Amayamba kutokosa yekha ndi chala, nyemba n'kumalowerabe. Inu mumadzamvera kwa mnzake, ndipo pamenepo kalasi yonse yaimirira kale, yamuunjirira, ena akuponda nyemba zamwazika pansi n'kumaterereka, mwiniwake akulira ndi kufwenthera, kufwentherako n'kumaikokera m'kati. Nyemba youma ikanyowa ndi mamina imafufuma, ndiye mukamachedwa imanka nithina. Zikachitika musatokose ndi kamtengo ka machesi, pini kapena chitsekerero cha cholembera. Mukhazikeni pansi, azipuma ndi pakamwa, mutsekeni mphuno inayo ndi chala, amine pang'onopang'ono kawiri kapena katatu. Ikakana, kuchipatala tsiku lomwelo. Ya m'khutu musathiremo madzi kapena mafuta, mungoifufumitsa, imeneyo ndi ya kuchipatala basi.

Ndiye apa ndi pomwe mtima umawawa. Chipatala cha mishoni chili pafupi inde, koma n'cholipira, ndipo ahedi omwe aja dzulo amayamikira kuti kalasi yanu ili ndi zipangizo, lero akuti sukulu ilibe ndalama komanso iwo sanakuuzeni zogawa nyemba. Kholo silipita kukafunsa amene anakuphunzitsani ku wekishopu, limabwera kwa inu, likukalipa pakhomo la kalasi ana onse akumva. Pa sukulu ya mishoni nkhani siithera pasukulu. Imafika kumphakati, imafika kwa bambo mfumu, Lamulungu ku Misa mukukhala benchi limodzi ndi mayi ake a mwanayo. Anthu a mawekishopuwa amandikwiyitsa zedi. Amaonetsa ntchito ya m'magulu pogwiritsa ntchito aphunzitsi akuluakulu makumi awiri atakhala pamipando, aliyense ali ndi cholembera chake, kenako n'kumati "mwaona mmene zikuphwekera?" Apatseni ana 130 a pansi pa simenti, ena alibe ndi kope lomwe, wina akufuna kukataya madzi, tione ngati zingaphweke.

Vuto si kusowa masewera. Masewera ali mbwee m'buku la mphunzitsi. Chimapha phunziro ndi kugawa ndi kutolera zipangizo, ndiye konzani chimenecho kaye.

Zowerengera zikhale zitsekerero za mabotolo, makamaka zapulasitiki. Zachitsulo zimachita dzimbiri ndipo mano ake amacheka, mukazigwiritsa ntchito ziphwanyeni ndi hamala zikhale zafulati. Ana awiri azigawana zitsekerero khumi. Kwa inu ndiye kuti mapaketi 65, zitsekerero 650. Musachite mantha ndi nambalayo, uzani ana a Sitandade 5 ndi 6 aliyense abweretse zisanu, pemphaninso pa magolosale a pa msika, sabata ziwiri zakwana. Zitsukeni ndi sopo, ziume, muike khumi khumi m'timapepala ta shuga. Timapaketito tisakhale m'thumba limodzi. Mzere uliwonse wa ana ukhale ndi jumbo yakeyake, yolembedwa nambala ya mzerewo, ndi mtsogoleri wake mmodzi, makamaka mwa obwereza kalasi aja poti ndi okulirapo ndipo akapanda ntchito ndi omwe amasokoneza. Inu mumangoti "atsogoleri", iwo n'kutenga majumbo, kugawa kutsika ndi mzere. Mphindi ziwiri zatha. Potolera, awiri aja awerenge mokweza mpaka khumi asanabweze, kuwerengako ndi phunziro kale, komanso zitsekerero sizithera m'matumba a mayunifolomu. Koma zimenezi muziyeserera popanda phunziro lililonse, kugawa ndi kutolera kokha, masiku atatu kapena anayi otsatizana. Siyaninso tinjira pakati pa mizere, mujambule ndi choko pansi, kuti muzitha kufika kumbuyo osaponda zala za ana.

Mukadzafika pa makumi, timitengo tikhale ta bango kapena mapesi, totalika ngati chala chanu, topanda nsonga. Totalika amalasana nato m'maso. Mangani khumi khumi ndi mphira yodula ku chubu chakale cha njinga. Ndipo wina asakunamizeni kuti poti ndi sukulu ya Katolika muziwerengetsa ana pa korona chifukwa ili ndi mikanda khumi khumi. Akatekisiti akamva simugwirizana, komanso ikaduka mikandayo ndi nyemba zomwe zija. Boolani zitsekerero ndi msomali, muzitunge pa chingwe khumi zofiira khumi zoyera, mupachike kutsogolo.

Ku Chichewa, makadi a malembo dulani ku makatoni, a ana masentimita 10 mbali zonse, anu akhale aakulu kawiri kuti wa kumbuyo aone. Lembani ndi maka yakuda, chifukwa yofiira ndi yobiriwira sizioneka patali ndipo zimafufuta. Ambiri amalakwitsa apa, amadula khadi limodzi pa lembo lililonse la anikumeto, malembo oyamba kuphunzitsidwa aja a, n, i, k, u, m, e, t, o, n'kudzauza ana kuti apange mawu oti ana, moto, mutu kapena amene. Apanga bwanji a ali mmodzi? Paketi iliyonse ikhale ndi makadi awiri pa lembo lililonse, onse pamodzi 18. Jambulani kamzere kunsi kwa khadi, apo ayi n akatembenuzika amasanduka u, mwana n'kumawerenga zolondola inu mukuti walakwa. Lembo a mulilembe mofanana paliponse, pa khadi, pa bolodi ndi pa tchati, monga mmene mukufuna iwo azilembera. Phunzitsani liwu la lembo, mmm, osati emu, osatinso ma. Mukawazoloweretsa kuti m ndi ma, podzaphatikiza ndi e azidzati mae. Chenjeraninso ndi nyimbo ya afabeti ya Chingerezi. Dzina la e m'Chingerezi limamveka ngati i wa Chichewa, ndiye mukaimbitsa nyimboyo kenako n'kulowa Chichewa osapumira, theka la kalasi lisokoneza e ndi i mpaka teremu yachitatu. Ikani masamu kapena kanyimbo kena pakati.

Njira ija ya National Reading Programme (ndondomeko ya boma yophunzitsira kuwerenga), yoyamba mphunzitsi yekha, kenako mphunzitsi ndi ophunzira, pomaliza ophunzira paokha, ndi yabwino, koma gawo lachitatulo ndi lomwe limabedwa nthawi ikatha, chonsecho ndi pomwe mwana amaphunzirira. Kalasi yonse ikamakuwa ma me mi mo mu musasangalale, akutsogolera ndi ana khumi a kutsogolo, ena akungotsatira nyimbo. Sokonezani ndondomeko, lozani mu, kenako me, kenako ma, muone mmene phokoso lichepere. Tsiku lililonse itanani ana khumi mmodzimmodzi, aliyense awerenge maphatikizo atatu osatsatana, muchonge mu rejisitala yanu. Masiku 13 mwadutsa kalasi yonse ndipo mukudziwa amene akungoyasamula pakamwa.

Kulemba pa mchenga ndi kwaulere, koma kuli ndi nthawi yake. Teremu yoyamba tulukani m'mawa dzuwa la Okutobala lisanawotche pansi. Ana akhale m'mizere, onse ayang'ane mbali imodzi, motalikirana mkono. Mukawaika mozungulira, a mbali inayo akuona lembo lanu chadodolido ndipo adzalemba chomwecho. Alembe ndi chala, osati kamtengo. Mvula ikayamba, dulani choko chimodzi patatu azilemba pa simenti pomwe akhalapo.

Za kuyang'ana mbali imodzizi zimakhudzanso chizindikiro cha mtanda. Mukaima moyang'anana nawo n'kuchita ndi dzanja lamanja, iwo amakutengerani ngati pa galasi, amakweza lamanzere n'kuyambira phewa lolakwika. Atembenukireni msana, kwezani dzanja lamanja m'mwamba aone, ndiye pamphumi, pachifuwa, phewa lamanzere, phewa lamanja, pang'onopang'ono. Sabata imodzi yokha mwaphunzitsa pemphero komanso kumanja ndi kumanzere, zomwe muzidzazifuna polemba b ndi d. Kumbukirani kuti m'kalasimo muli ana a Chisilamu, a CCAP, a Seventh Day ndi a Mboni. Aime mwaulemu, akhale chete, koma musawagwire dzanja kuwachititsa chizindikiro, mudzaitana mlandu wina. Mwezi wa korona musayese korona yonse ndi tiana timeneti, imadya mphindi pafupifupi makumi awiri ndipo pofika chigawo chachitatu ena agona, ena akutsinana. Atate Athu mmodzi ndi Tikuoneni Maria atatu zakwana.

Masewero a nkhani za m'Baibulo amawakonda kwambiri, koma sankhani bwino. Msamariya wachifundo, achifwamba aja amamenya zenizeni, ndipo amasankha mwana amene amadana naye kale. Davide ndi Goliati, pa buleki miyala iyamba kuuluka. Zakeyo, mupeza atatu ali mu mtengo wa mango. Nthawi ya Lenti musapatse mwana aliyense udindo wa Yudasi, dzinalo limamukakamira mpaka Sitandade 8. Yabwino ndi ya nkhosa yotayika ya pa Luka 15, chifukwa aliyense ali ndi gawo. Tengani mzere umodzi ukhale nkhosa, kalasi iwerenge mokweza, onse atseke maso, mmodzi abisale kuseri kwa chitseko m'kalasi momwemo, osati panja, awerengenso, apeze kuti yasowa imodzi, m'busa akaifune, akaipeza onse aimbe ndi kuwomba m'manja. Mwaphunzitsa Baibulo ndi kuchotsera nthawi imodzi, palibe wamenyedwa.

Matchati musamate kukhoma. Kalasi za pa mishoni Loweruka ndi Lamulungu zimakhala za akwaya, a Tilitonse ndi a katekisimu, Lolemba mupeza tchati cha maphatikizo chang'ambidwa, china akulungira zitumbuwa. Ukadandaula amati nyumbazi ndi za mpingo. Mangani chingwe kuchoka pa zenera kufika pa zenera, matchati muziwapachika ndi mapegi, Lachisanu muwapinde alowe m'thumba la saka pamodzi ndi majumbo aja, thumbalo likagone ku ofesi pamwamba, osati pansi pomwe chiswe chingafike. Funsaninso ahedi masiku a Misa ya sukulu teremu isanayambe, kuphatikizapo Lachitatu la Phulusa, muwasiyire malo mu sikimu. Tsiku la Misa mapiriyodi a m'mawa apita, ndipo ana akabwerako sangakhale chete, ikani nyimbo ndi kujambula. Asanalowe m'tchalitchi onse adutsire kuchimbudzi, muwakhazike pafupi ndi khomo. Ngati pasukulu panu pali phala, chovuta chiphunzitseni lisanafike, chifukwa akangomva kulira kwa makapu palibe amene akukumvaninso.

Tsono poti mwati a PEA, alangizi a maphunziro oyendera masukulu a pulayimale, akubwera mwezi wamawa, magulu aja muwapangebe, musawasiye. Pa fomu yawo amayang'ana zimenezo, ndipo kunena zoona ana amathandizana bwino mukawazoloweretsa. Ingoyambani ndi awiriawiri sabata zitatu, kenako awiri a kutsogolo atembenuke ayang'anane ndi awiri a kumbuyo, gulu la anayi lapangika popanda wina kuimirira. Magulu a khumi ndi omwe amabala phokoso, mumagwira ntchito awiri, ena asanu ndi atatu akuonerera. Tsiku la a PEA musayese chinthu chatsopano ngakhale chimodzi, chitani chomwe ana achita kale kasanu. Ndipo zitsekerero zikapanda kukwana pofika tsikulo, miyala ilipo, bola ikhale yaikulu ngati dzira la nkhunda, yosalowa m'mphuno, ndipo muitolere yonse muiwerenge belu la buleki lisanalire.