Kwa achimwene amene afunsa zokapalasa njinga ku Nyika

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mukufuna kunyamuka pa Rumphi boma panjinga, kukagona ku msasa wa alendo wa Chelinda, pamwamba pa Nyika, tsiku lomwelo, m'mawa mwake n'kuzungulira chakumpoto mpaka ku phiri la Nganda, nokhanokha, mwezi wa Julaye, panjinga yanu ya matayala a mamilimita 38 imene mumayendera ku Dzalanyama. Ndikufunitsitsa mupite, chifukwa m'Malawi muno sindinapalasepo malo ena ondikhutiritsa ngati kumeneko. Koma musapite mmene mwakonzeramu.

Chimene chimanamiza anthu ku Nyika ndi zithunzi. Mukaziona, ndi timapiri ta udzu tosalala, topanda mitengo, ngati mungathe kutidutsa mukuimba mluzu. Chithunzi sichionetsa kuti Chelinda ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, ndipo Nganda, nsonga yaitali koposa m'nkhalangomo, imapitirira pang'ono mamita 2,600. Inu mumakhala ku Lilongwe, kumene kuli cha m'ma 1,050. Kumwambako mpweya ngwopepuka. Munthu wochokera kunyanja, monga ku Nkhata Bay, akapuma kamodzi pa Chelinda amalowetsa mpweya wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi kwawo. Miyendo imakhala ili ndi mphamvu ndithu, koma chifuwa ndiye chimakana. Ine tsiku langa loyamba ndinatsika panjinga pakachitunda kamene kwathu sindikanasintha n'komwe giya, mtima ukugunda mpaka m'makutu, mutu ukuwawa chakumphumi. Ndipo zitunda za kumeneko sizitha. Palibe chikweza chimodzi chachikulu choti mukachigonjetsa mupume. Mumatsetsereka kukafika pakamtsinje, kuwoloka kamlatho ka matabwa, kukwera, kutsetserekanso, kukweranso, tsiku lonse. Liwiro limene mwapeza pamtsetse limathera pamlathopo chifukwa simungawoloke mothamanga, ndiye chitunda chilichonse mumachiyamba ngati mwangonyamuka kumene.

Tsono za kuyambira pa Rumphi. Kuchoka pa boma kudzera ku Bolero kukafika pa chipata cha Thazima ndi makilomita opitirira 50, ndipo kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda ndi enanso 60. Mbali yaikulu ndi msewu wafumbi, wa mabampu, mchenga ndi miyala yosakhazikika, ndipo mukhala mukukwera mamita oposa 1,200 kungoyerekeza poyambira ndi pothera, osawerengera zokwera ndi zotsika za pakati. Mu Julaye dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko. Mdima ukakupezani muli pakati pa Thazima ndi Chelinda, palibe mudzi, palibe golosale, palibe wakabaza woti akunyamuleni. Komanso chigawo cha m'munsi chija, cha mitengo ya msuku ndi mombo mukangolowa pachipata, n'kumene njovu zimakonda. Mu 2017 anabweretsako njovu 34 kuchokera ku Liwonde kuwonjezera pa zimene zinalipo kale. Njinga siichita phokoso ngati galimoto, ndiye mumatulukira pakona mwadzidzidzi, njovu ili ndi mwana pamsewu, inu mulibe kothawira. Ichi n'chimene ndikukuletserani kwambiri kuposa kutopa. Kwezani njinga pagalimoto yamphamvu, thirani mafuta okwanira ulendo wonse pa Rumphi, mukagone ku Chelinda. Mphamvu zanu mukazigwiritse ntchito pamwamba, pamene pali zimene mwadzera.

Mukafika, tsiku loyamba musalimbane ndi Nganda. Zungulirani pafupi: madamu atatu a pa Chelinda, kukwera ku Chosi kumene mumaona chigwa chonse cha udzu, kapena kupita ku Kaulime, kanyanja kokhako kachilengedwe pamwamba pa Nyika, makilomita osakwana 10 kuchokera pamsasa. Anthu a kumeneko amakalemekeza kanyanjako, ali ndi mbiri yake ya njoka yaikulu ya mizimu, ndipo mukakhala ndi wokuperekezani wa komweko adzakufotokozerani bwino kuposa ine. Tsiku limeneli ndi loti thupi lizolowere, komanso mudziwe ngati magiya anu akukwana. Imwani madzi ambiri ngakhale kukuzizira, chifukwa mphepo ya kumeneko imaumitsa thukuta musanalione.

Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ndiye la ulendo waukulu. Kuchoka pa Chelinda kukafika kufupi ndi Nganda ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo chigawo chomaliza mumasiya njinga n'kukwera wapansi. Mukawonjezera Jalawe, thanthwe limene mukaima pamwamba pake kukakhala kowala mumaona nyanja chakumusi kwa Karonga, tsiku lonse latha. Muziwerengera makilomita 8 kapena 10 pa ola, osati 20 amene mumachita ku Dzalanyama. Nyamukani kukangocha, ndipo mugwirizane ndi anzanu nthawi yotembenukira: ikakwana, mwafika kapena simunafike, bwererani. Njira yeniyeni yozungulira musaisankhe pa mapu a pafoni muli ku Lilongwe. Tinjira tina timene mapu amaonetsa tinamera udzu kalekale, pena kamlatho kanakokoloka ndi mvula ya chaka chatha. Amene akudziwa njira imene ili yotseguka sabata imeneyo ndi alonda a nkhalango ndi anthu a pamsasa.

Pamenepa ndiye pali nkhani ya kupita nokha. Nyika ndi nkhalango yotetezedwa yaikulu koposa zonse m'Malawi, yoposa masikweya kilomita 3,000. Mutha kupalasa kuyambira m'mawa mpaka madzulo osakumana ndi galimoto ngakhale imodzi. Netiweki ya foni imapezeka pamalo owerengeka, ndiye musaidalire. Nkhungu imatha kutsika masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ikatero timapiri tonse timafanana, simudziwa kumene mwachokera. Ine zinandichitikira tikubwerera madzulo: tcheni chinaduka, nkhungu n'kutseka, zala zitauma ndi kuzizira moti kachitsulo kolumikizira tcheni kanandipulumuka n'kugwera mu udzu. Mnzanga ndiye anali ndi kena m'thumba. Ndikanakhala ndekha ndikanagona kuthengo, malo amene afisi ndi anyalugwe amayenda usiku. Choncho lankhulani ndi a nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire musananyamuke, muwauze kuti mukubwera ndi njinga, mupemphe wokuperekezani, ndipo tsiku la ulendo musiye uthenga pamsasa wa njira imene mwatenga ndi ola limene mubwere. Kuyambira 2023 nkhalangoyi akuiyendetsa mogwirizana boma ndi bungwe la Peace Parks Foundation, ndiye funsani mitengo yolowera ndi malamulo atsopano, musadalire zimene munthu analipira zaka zisanu zapitazo.

Za njinga yanu, mamilimita 38 ndi ochepa. Itha kuyenda, koma pamitsetse ya miyala mudzagwira mabuleki mpaka manja kuchita dzanzi, ndipo pamene udzu wamera pakati pa njira tayala lopyapyala limaterereka. Ngati fulemu ikulola, ikani 45 kapena kuposa. Ngati muli ndi njinga ya m'mapiri, tengani imeneyo, simudzanong'oneza bondo. Chofunika kwambiri ndi giya yopepuka yokwerera, yoti tcheni chikakhala pa chachikulu chakumbuyo muzipalasa mutakhala pansi. Tengani machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu imene mwaiyesa kunyumba, zolumikizira tcheni ziwiri, ndi mapadi a mabuleki apadera. Wokonza njinga womaliza mumusiya ku Bolero.

Julaye ndi mwezi wa chisanu. Usiku madzi amatha kuundana ndi kuzizira, m'mawa udzu umayera mbuu, ndipo pamtsetse woyamba mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Magolovesi otseka zala zonse, chipewa cha m'kati mwa chisoti, jekete yotchinga mphepo ndi mvula, zimenezi si zapamwamba ayi, n'zofunika. Masana dzuwa la pamtunda wotere limawotcha khungu ngakhale simukumva kutentha. Mukanandifunsa mwezi, ndikanati Meyi, mvula itangosiya, udzu ukadali wobiriwira, kapena Seputembala kukayamba kufunda, ngakhale nthawi imeneyo utsi wa moto wa tchire umabisa malo akutali. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya maluwa, pamene mitundu yoposa 200 ya maluwa a chinaka ndi abale ake imaphuka, koma misewu imakhala matope ndipo mphezi pamalo opanda mtengo si yosewera nayo.

Madzi a m'timitsinje ta pamwamba ngozizira ndi oyera, komabe thiranimo mankhwala kapena muwasefe, poti nyama zimamwa momwemo. Chakudya gulani ku Mzuzu kapena pa Rumphi: mtedza, nthochi, mbatata yophika, buledi, ndi kamchere pang'ono. Nyamulani choposa chimene mukuganiza kuti mudya.

Ndisakuopsezeni kokha ayi. Chimene chimandibwezera ku Nyika n'chakuti panjinga nyama zimakulolani kuyandikira mwa njira ina. Ndinaimapo pachitunda china m'mawa, gulu la ntchefu likudutsa kutsogolo kwanga mwakachetechete moti ndinkamva kulira kwa mawondo awo, kaphokoso kaja ka "tha, tha" kamene nkhunzi zikuluzikulu zimachita poyenda. Chilembwe, amene kwina konse ndi wosowa, kumeneko mumamuona pafupifupi tsiku lililonse, ndi nkhope yake ya mawanga akuda ndi oyera. Mbidzi zimathamanga m'mbali mwanu kenaka n'kuima kukuyang'anani. Zikatero imani, musazithamangitse pofuna chithunzi, ndipo musachoke mumsewu kudula mu udzu. Dothi la m'madambo a pamwamba limasunga madzi ngati siponji n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje monga North Rukuru ndi North Rumphi, imene anthu a ku Karonga ndi ku Rumphi amadalira chilimwe chonse. Mkwasa wa tayala pamalo otsetsereka mvula ikabwera umasanduka ngalande.

Chinanso, podutsa ku Bolero ndi midzi ya kufupi ndi Thazima, kumbukirani kuti ena mwa mabanja amenewo anasamutsidwa pamene nkhalangoyi inakulitsidwa mu 1978, ndipo akuluakulu akadakumbukira kumene kunali minda ndi manda a makolo awo. Perekani moni, "monire" ndi "yewo" sizivuta kuphunzira, gulani tomato ndi uchi kwa iwo, ndipo wokuperekezani mumulipire bwino.

Mukasintha mwezi kukhala Seputembala, lembani m'gulu muno. Tilipo atatu amene tikukonza zopitanso, galimoto ili ndi malo a njinga ina imodzi, ndipo matayala a 45 ndili nawo apadera oti mungabwereke.