Madeti a m'chipululu amalima ndi mashini anji?

Funso: Akonzi, madeti amene timagula nthawi ya Ramadan aja ndamva amalimidwa m'chipululu, kodi alimi ake amagwiritsa mathirakitala ngati a m'maesiteti? Wowerenga wa ku Mangochi.

Yankho: Ayi achimwene, m'minda yakale ngati ya ku Tozeur ku Tunisia kapena Tafilalet ku Morocco thirakitala yayikulu siingalowe n'komwe, akanjedza, mitengo yobereka madetiyo, ndi othithikana, pansi pake pali makangaza ndi nkhuyu, pansinso masamba, ndiye tingalande ta madzi paliponse. Ena amagwiritsa kathirakitala ka matayala awiri koyenda nako wapansi.

Koma ntchito yowawa ili m'mwamba. Kanjedza alipo wamwamuna ndi wamkazi, ndiye mlimi amakwera mtengo uliwonse, pena mamita 20, minga ikumulasa, kukaika maluwa aamuna pa aakazi kuti ubereke. Pano kuli kampope ka paipi yayitali kopemerera ufa wa maluwawo munthu ali pansi, ameneyo ine ndimamuyamikira kwambiri poti ogwa m'mitengo amalumala. Kulinso kachigayo kophwanya makwawule a kanjedza n'kupanga manyowa.

Mapampu a sola ndiwo akundidetsa nkhawa, anthu akupopa osapumira ndipo madzi apansi akutsika chaka ndi chaka.