Mkate wa Mgonero: thupi la Khristu kapena chikumbutso chabe?

Mayi wina wa mpingo wa CCAP, amene amuna awo ndi Akatolika, atilembera kalata pa imelo. Akuti kunyumba kwawo amatsutsana: bambo amati mkate wa pa Misa ndi thupi lenileni la Yesu, pomwe iwo anakula akumva kuti Mgonero ndi chikumbutso basi. Akufunsa ngati kusiyanaku kunayamba ndi Martin Luther.

Ayi mayi, mkanganowu unayamba zaka pafupifupi 700 Luther asanayambe kulemba. Cha m'ma 831, mmonke wina wa ku Corbie ku France, Paschasius Radbertus, analemba kuti thupi la pa guwa ndi lomwelija linabadwa mwa Maria. Mnzake wa m'nyumba yomweyo, Ratramnus, anati Khristu alipodi koma mwauzimu. Zinafika povuta m'nthawi ya Berengar wa ku Tours, amene ankakana kuti mkate umasanduka thupi lenileni la Khristu, ndipo mu 1059 anamukakamiza ku Rome kulumbira kuti thupi la Khristu limanyemedwa ndi manja a wansembe ndi kutafunidwa ndi mano a okhulupirira. Mawu amenewa anawavuta ngakhale akatswiri amene ankatsutsana ndi Berengar, ndipo anayamba kufunafuna kafotokozedwe kosamala.

Msonkhano wachinayi wa mabishopu wa ku Lateran, ku Rome, wa mu 1215 ndiwo unaika m'chiphunzitso cha mpingo mawu omwe lero timati transubstantiation, kutanthauza kusandulika kwa mkate ndi vinyo kukhala thupi ndi magazi a Khristu. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anawamasulira pogwiritsa ntchito nzeru za Aristotle, katswiri wakale wa maganizo wa ku Greece: chinthu chili ndi chenicheni chake, komanso maonekedwe ake monga mtundu, kukoma ndi kulemera. Wansembe akanena mawu a Yesu, chenicheni cha mkate chimasanduka thupi la Khristu, maonekedwe n'kutsala momwe analili. Choncho amene amati "tipime mkatewo tione ngati muli nyama" sanamve chiphunzitsochi, chifukwa chopimikacho ndi maonekedwe, amene Aquinas yemweyo akuti sasintha. Apa ndi pomwe pagona chifukwa chimene Akatolika amasungira Ukaristia wotsala m'tabenakulo ndi kuugwadira. Ankaphunzitsanso kuti Khristu yense ali mu mkate, ndiye akhristu amene sanali ansembe ankalandira mkate wokha popanda chikho, mwambo umene msonkhano wa ku Constance unauteteza mu 1415.

Tsono Luther. Ambiri amadabwa akamva kuti iye sanakane kuti thupi la Khristu lili pa Mgonero. Mu 1520 anakana kafotokozedwe ka Aristotle kaja ndi kuwamana chikho anthu, koma anaumirira kuti mkate ukhalabe mkate ndipo thupi lilimo, monga moto ndi chitsulo chofiira zimakhalira pamodzi. Wa "chikumbutso" uja ndi Huldrych Zwingli wa ku Zurich. Awiriwa anakumana ku Marburg mu Okutobala 1529, ataitanidwa ndi Philip, wolamulira dera la Hesse ku Germany, amene ankafuna kuti Apulotesitanti agwirizane. Pa mfundo 15 anamvana 14. Luther analemba ndi choko patebulo mawu akuti "Ili ndi thupi langa" ndipo sanasunthe. Zwingli anagwira Yohane 6:63, pomwe akuti thupi silithandiza kanthu, nawonjezera kuti thupi la Yesu linakwera kumwamba ndipo thupi la munthu silingakhale malo ambiri nthawi imodzi. Luther anayankha kuti dzanja lamanja la Mulungu lili ponseponse. Mukaonetsetsa, nkhani inali itachoka pa mkate, inali pa umunthu ndi umulungu wa Khristu.

Mpingo wanu, mayi, mizu yake ili kwa John Calvin wa ku Geneva, kudzera mwa amishoni a ku Scotland amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, ndi a Dutch Reformed amene anafika ku Mvera mu 1889. Calvin anavomereza Zwingli kuti thupi lili kumwamba, koma anakana kuti chizindikirocho n'chopanda kanthu. Iye anati Mzimu Woyera amalumikiza wokhulupirira ndi Khristu, ndipo munthuyo amadyadi thupi lake mwa chikhulupiriro, osati ndi mano. Chivomerezo cha Westminster cha mu 1646, buku la chikhulupiriro cha mipingo ya Presbyterian, chikunena zomwezo. Ndiye wa CCAP akamati "chikumbutso basi", akulankhula ngati Zwingli, ndipo wachepetsa zomwe mabuku a mpingo wake amaphunzitsa.

Kusiyana kukadalipo ndithu, ndipo tisakubise. Msonkhano wa mabishopu a Katolika wa ku Trent unatsimikizanso transubstantiation mu 1551, kenako mu 1562 unati Misa ndi nsembe yeniyeni yoperekedwa chifukwa cha amoyo ndi akufa. Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, wa mipingo ya Reformed, anayankha mwaukali pa funso 80, kuti Misa ikukana nsembe imodzi ya pa mtanda. Ife tikuona kuti mfundo ya nsembeyi ndi yolemera kuposa ya mkate. Mukakhala pansi ndi bambo a kunyumba, afunseni mafunso awiri: Khristu amakhalabe mu mkate mwambo utatha? Nanga wosakhulupirira akadya, walandira chiyani? Aquinas ndi Luther akuti walandira thupi, koma modziitanira chiweruzo; Calvin akuti walandira mkate ndi vinyo basi.